Masekondi Asanu ndi Awiri

Okutobala, fili koloko masana.
Utsi wa tchire lotenthedwa wameza Michiru,
dzuwa lafiira ngati diso la munthu wosagona,
ine ndili m'nsanja ya magalasi ku Chileka,
tiyi atazizira kalekale m'kapu yobenthuka mlomo.

Ndege ziwiri zazing'ono.
Ina ikuchokera ku Nsanje, yanyamula dokotala wa maso
ndi katoni ya mandala otsala.
Inayo ndi ya wophunzira, Ndaziona,
mtsikana wa ku Chilomoni,
mawu ake ndimawadziwa, amapunthwa pa nambala iliyonse.
Lero n'kachiwiri kuuluka yekha,
mpando wa mphunzitsi uli pululu.

Onse awiri anadina batani nthawi imodzi.
Wailesi inangoti tswiii
ngati nkhumba yomangidwa pakaliyala,
ndipo mawu anga oti "dikira, yamba wazungulira"
anafera m'phokosomo.
Aliyense anamva chilolezo chimene sindinapereke.

Wam'mwamba mapiko ali kunsi kwake, amubisira dziko.
Wam'munsi mapiko ali pamutu ngati denga, amubisira thambo.
Akhungu awiri olunjika khomo limodzi.

Ndinaziona ndi maso angawa, osati pa makina:
timadontho tiwiri pamwamba pa malata a kwa Chatha
tikusendererana
ngati zala ziwiri zofuna kutsina mchere.

Sindikumbukira kuti ndinaimirira.
A Matewere akuti mpando unagwa chagada.
Chomwe ndikumbukira n'chakuti Chingerezi chonse cha m'buku
chinandithawa m'kamwa,
ndinakuwa ngati kholo loona mwana akuthamangira mumsewu:
"Ndaziona, kumanzere! Pompano!"

Ndaziona, dzina lake lomwelo,
koma iye sanaone kanthu.
Anangomvera.

Masekondi asanu ndi awiri.
M'menemo mayi wina ku Ngumbe anayanika thewera,
kondakitala anakana kubweza chenje,
mnyamata wowotcha chimanga anatembenuza chitsononkho,
osadziwa kuti pamutu pawo
zitsulo ziwiri zikusankha pogwera.

Phiko linapendeka, linang'anima,
mthunzi unadutsa pa mthunzi unzake,
ndipo pakati pawo panatsala kampata
koti mwana wa sitandade fayifi
akhoza kuponya mwala n'kuwolotsa.

Kenako zii.
Ndinamva wotchi ya pakhoma, imene sindinaimvepo zaka khumi ndi zitatu.
Mawu a mkulu uja wa ku Nsanje anabwera mofatsa,
ngati munthu wofunsa njira:
"Nsanja, chandidutsa pamphunochi n'chiyani?"

Anatera onse, wina pambuyo pa mnzake.
Dokotala anatsika akuseka, sanadziwe kanthu,
ankawerenga nyuzipepala.
Ndaziona anazimitsa injini, anakhala pansi pa phiko,
anavula nsapato zonse ziwiri
n'kuponda phula lotentha ndi mapazi osavala,
osasuntha,
mpaka ozimitsa moto anamubweretsera madzi.

Fomu ya lipoti ili ndi timabokosi:
nthawi, kutalika, mphepo, mtunda wa pakati pa ndege.
Ndinadzaza tonse.
Palibe kabokosi kofunsa kuti cholembera chikunjenjemera bwanji,
kapena kuti ndimawadziwa mayi ake,
amagulitsa zitenje mu Limbe,
anagulitsa puloti kuti mwanayu auluke.

Madzulo mu minibasi pa Kameza
anthu akukangana za mtengo wa feteleza.
Ndikuwayang'ana mmodzimmodzi m'makosi,
anthu oti mawa sadzapita kumaliro aliwonse,
ndipo sadzadziwa maliro amene awaphonya.
Nyuzi ya seveni koloko sidzatchula kanthu.
Chomwe sichinachitike chilibe mtolankhani.

Kunyumba Yankho akundichingamira pageti,
m'manja muli ndege ya pepala, yong'amba m'kope la masamu.
"Adadi, kuntchito kunali bwanji?"
Ndikuti kunali bwino.
Akuiponya, ikukwera, ikupendekera ku mtengo wa mapeyala,
ndipo ine, thumba la tomato likadali m'manja,
ndikupezeka ndikufufuza kumwamba konse
ngati kukubwera inzake.